Ngaka ya Pachulu cha Mervis

Nkhani inabwera ndi a Fainess, ndipo a Fainess akabwera ndi nkhani sadikira mpando. Anapeza mlamu wawo Mervis akuyanika makaka pathanthwe kuseri kwa nyumba, nayamba kulankhula dengu likadali pamutu. Ati Lachisanu kusukulu kukubwera a wailesi, msonkhano waukulu, wokambirana za lamulo la nyama zakutchire, lomwe lija linamangitsa mchimwene wawo Sitima. Ati akuluakulu ena a boma kumtunda akufuna lifewe, kuti munthu wopezeka ndi ngaka koyamba azingolipira chindapusa m'malo mokaolera kundende, ndipo amene ali m'katimo kale milandu yawo iunikidwenso. Chatsala n'kumva maganizo a anthu akumudzi basi.

"Ndiye alamu, wotsiriza kulankhula ndinu. A Stafford, aja ofuna ukhansala, akuti mawu anu ndiwo atseke msonkhano."

Mervis anakhala pansi pomwepo, pathanthwe lotenthalo.

Nkhani ya amuna ake, a Sitima, inali yoti ukaimva koyamba umaseka, kenako n'kuchita manyazi kuti waseka. Chaka chija napolo anatsika m'Michesi n'kukokolola minda ndi nyumba, madzi ataphwa iwo anapita kumunda wa kumtunda, cha ku mpata wa Fort Lister, kukaona ngati panatsala kanthu. Anapeza mchenga wokhawokha, ndipo pamchengapo panali ngaka, itadzipinda ngati nkhata, mamba ake ali matope, koma yamoyo. Tsono a Sitima ndi munthu wachikale m'mutu. Anakula akumva kuti ngaka imagwa kumwamba ndi mvula, ndipo woitola saidya, saigulitsa. Amaikulunga m'nsalu yatsopano n'kukaipereka kwa mfumu yaikulu kuti dziko lipole. Dziko linali litavulaladi, anthu akufukulabe abale awo m'matope, ndiye iwo anaona kuti Mulungu wawatuma. Anatenga chitenje cha Mervis chomwe anali asanachivalepo, anakulunga nyamayo, n'kuiika m'dengu panjinga. Kubisa? Abise chiyani! Njira yonse ankaima kuonetsa anthu. Pa rodibuloko apolisi sanawaimitse n'komwe. Anaima okha, n'kuvundukula chitenje kuti nawonso aoneko mwayi wa dziko. Kukhoti atafunsidwa ngati anapezeka ndi ngaka, anayankha mokweza kuti eya, anali nayodi. Mfumu imene ankaipititsira mphatsoyo inati siikudziwapo kanthu, ndipo ndani angaiimbe mlandu, nayonso ili ndi ana? Anawapatsa zaka zisanu.

Kuyambira pamenepo Mervis ankadana nalo lamulolo ndi mtima wake wonse. Ankadana nalo akamalima yekha, akamafolera yekha denga, ndipo makamaka akamabwerera kuchokera kundende, kumene ulendo uliwonse ankapeza amuna ake atachepa. Imvi zinali mbuu, ndipo chifuwa chimene chinawayamba nyengo yachisanu chinakana kuchoka. A Fainess anali atapita kale kukawauza za msonkhanowo. Ati a Sitima anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti kundendeko kuli kawailesi kamodzi komwe akaidi amakaunjikira masana, ndipo Lachisanu akakhala patsogolo kuti amve mawu a mkazi wawo.

Tsiku limenelo Mervis anaimba nyimbo akutembenuza makaka, chinthu chimene anali ataiwala kachitidwe kake.

Chimwemwecho sichinagone kawiri. M'mawa mwake anafuna thumba loikamo makaka ouma, ndipo atalisowa m'nyumba analowa m'kanyumba ka mwana wake Goodman, mnyamata wandevu kale, amene ankayendetsa kabaza ya njinga yamoto. Pansi pa mphasa anapeza thumba lopindidwa bwinobwino. Atalitambasula anaona kuti ndi loboolaboola, timabowo tozungulira totenthedwa ndi msomali wamoto, tondandalikana mwaluso kuyambira pakamwa mpaka pansi. Thumba lotere sasungiramo chimanga. N'lonyamulira chinthu chimene chikufunika kupuma.

Tsono panali chinthu chimene iye ankachidziwa ndipo sanauzepo munthu. Kumunda wa kumtunda kuja, pachulu cha pakona, panali ngaka ina. Anayamba n'kuona mabowo a nyerere atafukulidwa ndi mzere wa mchira pafumbi, kenako tsiku lina mmamawa anaiona yeniyeni, ikuyenda ndi miyendo yam'mbuyo, yakutsogoloyo itaipinda pachifuwa ngati munthu wopita kumgonero. Anaitukwana chamumtima, nyama yatsoka yofanana ndi ija inasokoneza banja lake, koma kona imeneyo anaisiya osalima, ndipo pakamwa anatseka. Tsopano anasiya makaka padzuwa, nakwera kumundako mothamanga mpaka mpweya kumuthera. Mzere wa mchira unalipo. Pambali pake, kuzungulira chulu chonse, panali mapazi a gambuti, lakumanzerelo lodulidwa chidendene. Gambuti zimenezo ankazidziwa, chifukwa zinali za amuna ake ndipo tsopano ankavala ndi Goodman.

Anam'peza Goodman akutsuka njinga pachitsime. Anamuponyera thumba lija pamapazi.

"Thumba loboola chonchi n'losungira chiyani, iwe?"

Goodman sanakane, ndipo kusakanako ndiko kunamuopsa kwambiri mayi wake. Analitola, nalikutumula fumbi, n'kufotokoza modekha ngati akunena za mtengo wa nandolo. Ati kumsika wa ku Chiringa kuli mabwana ena amene amadutsa malire, ndipo akhala akufunsafunsa za ngaka kwa anyamata a pasiteji ya kabaza. Ntchito yake n'kungonyamula mpaka kumalire, basi. Kale palibe amene ankayerekeza, koma tsopano mabwanawo akuti lamulo likafewa, wogwidwa azikam'lipirira okha chindapusa tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe ali kunyumba. Ngaka ya pachulu ndi yoyambira chabe, m'phirimo zilimo zina.

"Ine si chitsiru, amayi. Zaka zisanu sindingaziyerekeze, bambo ndinawaona. N'chifukwa chake ndikudikira Lachisanu. Inu kalankhuleni bwino bambo atuluke, zinazi musiyire ine."

Mervis anamuuza kuti msonkhano wa pansi pa mango si nyumba ya malamulo, ndipo anthu akhoza kukuwa mpaka kusasa mawu lamulo lili pomwepo. Goodman anaseka. Ati a Stafford anena okha pasiteji kuti kumtunda zinatha kale, chatsala n'chakuti anthu avomereze pawailesi dziko lonse likumva, ndipo zikatero wapolisi uti angamange munthu? Ati anyamata onse akudziwa zimenezo. Umu ndi mmene nkhani zimayendera kwathu kuno, abale: kumtunda munthu akangotsokomola, ife kuno tayamba kale kukumba manda. A Staffordwo anali munthu wofuna ukhansala, wapakamwa potsekemera, ndipo mwina sananame dala; anangowonjezera mchere monga amachitira onse ofuna mavoti. Koma Goodman anameza zonse, ndipo anali kudikira mawu amodzi okha kuti akwere phiri.

Masiku otsalawo Mervis sanaone tulo tabwino. Anabisa thumba lija m'nkhokwe. Mawa lake anapeza lina, loboola chimodzimodzi, litamangidwa pa kaliyala ya njinga. Anayesa kuimbira mchimwene wake, malume a Goodman, amene akanatha kumukhazika pansi mnyamatayo, koma iwo ali ku Joni ndipo foni yawo inkangolira osayankhidwa. Kuuza a Fainess? Kuwauza iwo n'kuuza mudzi wonse ndi midzi ya tsidya. Kukanena kwa a zanyama zakutchire kuti abwere adzaitenge ngakayo? Banja lomwe lili kale ndi dzina loipa, akafika n'kuona mapazi a gambuti aja, afunsa ndani? Ndipo akachotsa imodziyo, phiri lonse achotsanso? Anaganiza zodwala dala Lachisanulo, koma anadziwa kuti a Fainess akanam'bereka kumsana n'kukam'tula pamaikolofoni. Akalankhula bwino, mwina amuna ake adzatuluka, mwina ayi, koma mwana wake akwera phiri mawa lake lomwe, lamulo lisanasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Lachinayi madzulo anayesanso. Anam'gwadira mwana wake wobala yekha, pafupi ndi njinga, n'kumupempha m'dzina la bambo ake. Goodman anamudzutsa mwaulemu, n'kunena kuti amayi amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe, ndipo umphawi wa pakhomopo sutha ndi makaka. Anapukuta galasi la njinga n'kulowa m'kanyumba kake.

Lachisanu masana bwalo la sukulu linadzaza. Amayi anakhala pansi kutsogolo, abambo pamabenchi, ndipo kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango wakumapeto, anyamata a kabaza anandandalika njinga zawo, aliyense atakhala pa yake. Mervis anamuona Goodman asanaone wina aliyense. Anaonanso thumba lija pa kaliyala, lopindidwa, lomangidwa ndi mphira. A Fainess anakhala moyandikana naye kwambiri, atavala chitenje chofanana ndi chake, chimene anabwera nacho dala kuti anthu aone kuti banja ndi limodzi.

Woyendetsa pologalamu anali mtsikana wa wailesi dzina lake Patricia, amene ankayang'ana wotchi pafupipafupi. Anayamba ndi mkulu wa zanyama zakutchire, bambo woonda wovala yunifolomu yobiriwira. Iye anati ngaka imabereka mwana mmodzi pachaka, ndipo zikutha mwakachetechete chifukwa nyamayi ilibe mano, siluma, sithawa, imangodzipinda n'kudikira kutoledwa. Anati ogulawo saopa chindapusa, amachiona ngati chiphaso cha pamsika, chimene amaopa ndi ndende yokha. Wina kumbuyo anafunsa mokweza ngati ngakayo ndi msuweni wake, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko. Bamboyo anakhala pansi asanamalize.

Kenako anaima a Stafford, ndipo eee, kulankhula amakudziwa. Anafunsa ngati nyama yodya nyerere ingapose bambo wa ana. Anafunsa kuti napolo atapha anthu m'dera lino, ndi ngaka ingati imene inabwera kudzapepesa maliro. Anati olemba malamulowo sanagonepo ndi njala, ndipo mabwana enieni a malondawa sagwidwa, ogwidwa ndi amphawi apanjinga zakapalasa. Anthu anaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu, ndipo choopsa n'chakuti Mervis anagwirizana ndi liwu lililonse. Zonse zinali zoona. Za bambo woonda uja nazonso zinali zoona.

Analankhula ena angapo, ambiri a mbali ya a Stafford. Kenako Patricia anatchula dzina lake, ndipo a Fainess anamukankha pamsana kuti adzuke.

Maikolofoni inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Atangotchula napolo, mawu anabwera okha. Anafotokoza za mchenga, za chitenje chake chatsopano, za amuna ake akuima okha pa rodibuloko kuti apolisi aoneko mwayi. Anthu anayamba kuseka, kenako anasiya. Anafotokoza za chifuwa, za imvi, za malaya amene tsopano akulendewera pamapewa. Amayi ena ankapukuta misozi, a Stafford ankagwedeza mutu mokhutira, ndipo iye mumtima ankaona amuna ake atakhala pansi patsogolo pa kawailesi kaja, khutu litayandikira, anzawo akuwagwira paphewa. Ankatalikitsa dala nkhaniyo, akuwonjezera za denga, za mbuzi imene inafa, chilichonse choti asafike kumapeto.

Patricia anayang'ana wotchi.

"Mayi, nthawi yatithera. Mwachidule, akuluakulu amve kuchokera kwa inu: lamuloli lifewe, kapena lisafewe?"

Mervis anayang'ana kumtengo wa mango. Anyamata aja anali atasiya kucheza. Goodman anali atakhala tsonga panjinga, kiyi ali kale pamalo pake, dzanja limodzi lili pa thumba lija. Anamwetulira mayi wake, n'kugwedeza mutu kumulimbikitsa. Kumwetulira kwake kunali kwa bambo ake ndendende, kuja anali nako tsiku lomwe ankamangirira dengu panjinga.

"Lisafewe," anatero Mervis.

Nthungululu imene a Fainess anali atayamba kale inathera pakhosi. Bwalo linati zii, moti kunamveka mbuzi ikulira kuseri kwa makalasi. Mervis anagwira maikolofoni ndi manja onse awiri.

"Amuna anga analowa osadziwa, ndipo zikundipweteka tsiku ndi tsiku. Nkhani yawo aione payokha, ndikupempha. Koma odikira kuti lifewe si amuna anga okha. Ena akudikira ndi matumba oboola kale, ndipo onyamula matumbawo si mabwana, ndi ana athu. Lero lino lamulo silinasinthe, wina asakunamizeni. Ine wanga ndikam'peza nayo ngaka, ndikanena ndekha, ndi miyendo yangayi."

Anapuma, n'kuyandikitsa maikolofoni pakamwa.

"Bambo a Goodman, ngati mukumva, ndine ndanena."

Zitatero msonkhano unasokonekera. A Stafford anaimirira akukupiza manja, abambo ena anakuwa kuti mayiyo wagulidwa, koma mayi wina amene mwana wake ndi wa pasiteji pomwepo anadzuka n'kunena kuti nayenso matumba oterowo wawaona, ndipo anafuna kudziwa kuti mabwanawo ndi ndani. Wina anamutsatira. Patricia anatseka pologalamu phokoso lili m'kati, popanda mbali imene inapambana. A Fainess anadzuka, nakutumula chitenje chawo pamaso pa Mervis, n'kumuuza kuti ngati mchimwene wawo afera m'ndendemo, maliro ake asadzapondeko. Kumtengo wa mango njinga zinalira imodziimodzi. Ya Goodman inachoka koyamba, ndipo Mervis anaiyang'anitsitsa mpaka pamphambano kuti aone ngati ikhotere kuphiri. Inakhotera kumsewu wa ku Migowi, kusiya phiri kumbuyo.

Goodman anabwera dzuwa litalowa, osadya, osalankhula. Mawa lake sanamupatse moni mayi wake, mkuja wakenso ayi. Koma m'mawa uliwonse Mervis akatuluka ankapeza njinga ili pakhonde, ndipo thumba lija analiona litayalidwa pansi pa injini, likulandira oyilo wodontha. Sanadzinamize kuti zatha. Mabwana aja anali akadali ku Chiringa, ndipo nkhani ya lamuloyo inkamvekabe pawailesi, ena akukoka uku ena uku. Pachitsime amayi ankasiya kucheza iye akafika.

Tsiku loona akaidi litakwana, anaphika kalongonda amene amuna ake amakonda, anamanga ndi chinangwa chophika, n'kunyamuka. Ulendo wonse ankakonza mawu oti akanene, ndipo onse ankamuthawa. Kundendeko anapereka dzina n'kukhala pabenchi. Akaidi ankatuluka mmodzimmodzi kukakumana ndi abale awo, ena mpaka anamaliza kudya n'kubwerera m'kati, koma a Sitima osaoneka. Anayamba kuganiza kuti akana kutuluka, ndipo anaona kuti akakana sadzawaimba mlandu. Kenako anaganiza zoipa kuposa pamenepo, za chifuwa chija.

A Sitima anatuluka pomalizira penipeni, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili pakhoma. Anakhala pansi osamuyang'ana. Mervis anagwada, nawapatsa moni, n'kumasula nsalu ya chakudya. Iwo sanachikhudze.

"Tinamva," anatero a Sitima. "Tonse tinamva. Anzanga anali atandikhazika kutsogolo."

Mervis anangoyang'ana pansi. Misozi inagwera pachivundikiro cha mbale, ndipo sanaipukute. Anadikira kuti amukalipire, ndipo ankafuna kuti amukalipiredi, chifukwa chete ameneyo ankapweteka kuposa ndodo. A Sitima anatsokomola nthawi yaitali, atatembenukira kumbali. Chifuwa chitawasiya anafunsa, mawu ali pansipansi.

"Matumba oboola aja munkanena aja. Goodman ali pakhomo?"

"Ali pakhomo."

"Wagona pakhomo?"

"Wagona pakhomo."

A Sitima anakokera mbale ija kufupi, navundukula, n'kuyamba kudya kalongonda pang'onopang'ono ndi zala zawo zoondazo. Msilikali wa ndende anagogoda chitsulo kuti nthawi yatha. A Sitima anaimirira movutikira, atagwira phewa la mkazi wawo, ndipo dzanjalo linali lopepuka ngati la mwana.

"Ulendo winawo mubwere naye," anatero. "Ndipo panjira musamuuze kuti ndili bwino. Adzandione yekha."